Tisindikize buku lotani la ophunzira a sukulu ya kwacha?

Nachisale wa ku Ndirande

Moni nonse. Ine ndine mphunzitsi wopuma, ndipo kwa zaka zinayi tsopano ndakhala ndikuphunzitsa sukulu ya kwacha pa mpingo wathu kuno ku Ndirande, Lachiwiri ndi Lachinayi masana. Ophunzira anga alipo 27, ambiri mwa iwo ndi amayi ochita malonda mumsika, ndipo wamng'ono pa onse ali ndi zaka 34 pamene wamkulu anapitirira kale zaka 70. Chomwe chakhala chikutisautsa n'chakuti munthu akangodziwa kulumikiza maphatikizo n'kuyamba kuwerenga ziganizo, timasowa chomupatsa kuti akawerenge kunyumba. Mabuku a ana a Sitandade 2 amakamba za kusewera mpira ndi kutsuka mano, zomwe mayi wa zidzukulu zisanu sangaziwerenge pagulu osachita manyazi, pamene nyuzipepala zilembo zake ndi zazing'ono ndipo ziganizo zake zimamutopetsa asanafike kumapeto. Pa chifukwa chimenechi ndinayamba kulemba ndekha nkhani zifupizifupi za moyo wathu womwewu, monga za banki m'khonde, za kusikelo, za malangizo a pa botolo la mankhwala, ndi za mwana amene anapita ku Joni nasiya kutumiza uthenga. Nkhanizi zakwana 40, ndipo mpaka pano ndimazilemba pabolodi, ophunzira n'kumakopera m'makope.

Anthu a mpingo asonkha ndalama kuti nkhanizi zisindikizidwe. Wosindikiza amene tinamufikira anatiuza kuti ndi ndalama zomwe tili nazo tingasankhe chimodzi mwa zitatu. Choyamba ndi kungochita fotokope pa mapepala a A4 n'kumenya sitepulo m'mbali, ndipo tingapeze mabuku 300. Chachiwiri ndi kabuku kolowa m'thumba, ka zilembo zazing'ono, komata ndi guluu kumsana, ka chikuto chonyezimira chokhala ndi chithunzi, ndipo tingapeze 200. Chachitatu ndi buku la msinkhu wa A5, womwe ndi theka la A4, la zilembo zikuluzikulu, losokedwa ndi ulusi, koma tingapeze 90 okha.

Komiti yathu yagawanika. Asungichuma athu, omwe ndi munthu wanzeru ndi wosamala ndalama za anthu, akuti mawu ndi omwewo kaya ali pa pepala lotani, ndipo kusankha mabuku 90 m'malo mwa 300 ndi kumana anthu 210 chowerenga chifukwa chongofuna zokongola. Ine mtima wanga ukukana, koma ndikulephera kufotokoza momveka chifukwa chake. Chomwe ndingatchule ndi chimene ndinaona chaka chatha. Nditagawa nkhani imodzi pa pepala la fotokope, patapita mlungu umodzi ndinalipeza pepalalo pamsika atakulungiramo usipa, pamene mayi yemweyo kope lake, momwe muli nkhani yomweyo yolembedwa ndi dzanja lake, amalisunga m'jumbo ngati chiphaso cha kuchipatala. Sindinawadzudzule, chifukwa ndinaona kuti pamaso pawo pepala lokhala palokha ndi pepala basi. Tsono ndikufunsa inu amene mukudziwa za mabuku kuti, kodi thupi la buku, kutanthauza kukula kwake, pepala lake, zilembo zake ndi kamangidwe kake, limasinthadi mmene munthu amawerengera, kapena ndine amene ndikukulitsa nkhani yaing'ono? Ndipo mukanakhala inu mukanasankha chiti?

aMbewe a ku Limbe

Mayi Nachisale, ine ndinagwira ntchito yomanga mabuku kwa zaka 31 pa kampani ina yosindikiza kuno ku Limbe, choncho ndiyankha monga munthu amene manja ake anakalambira pa ulusi ndi guluu. Poyamba ndinene kuti kabuku kachiwiri kaja mukasiye, ngakhale kuti ndi kamene kangaoneke bwino pa zonse zitatu, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Buku silisindikizidwa tsamba limodzilimodzi ayi. Pepala lalikulu limasindikizidwa mbali zonse ziwiri, kenako limapindidwa katatu n'kutuluka masamba 16, ndipo mitolo ya masamba 16 imeneyi ndi imene imasanjidwa kuti ipange buku. Pa buku losoka, singano imadutsa pa mpindo wa mtolo uliwonse, ulusi n'kulumikiza mtolo ndi unzake, moti tsamba lililonse limagwirana ndi linzake la mbali ina ya mpindo, ndipo kuti lichoke mpaka wina achite kuling'amba. Pa buku lomata, makina amadula mipindo yonse ija kumsana, masamba n'kukhala paokhapaokha ngati mulu wa mapepala, ndipo chowagwira ndi guluu wopakidwa ali wamoto basi. Guluu ameneyu akakhala wotsika mtengo sachedwa kuuma ndi kusweka munthu akatsegula bukulo mwamphamvu, ndipo tsamba limodzi likangothothoka, anzake amatsatira ngati njere za chimanga pochitonola.

Koma chimene ndikufuna kuti mukawauze asungichuma anu si kulimba kokha. Munthu amene wangoyamba kuwerenga amatsata mzere ndi chala, ndipo inu mukudziwa zimenezi kuposa ine. Buku lomata silikhala lotseguka lokha, limafuna kulipanikiza ndi dzanja, ndipo likangosiyidwa limadzitseka, wowerenga n'kutaya pomwe anali. Ndiponso mawu a pafupi ndi msana amalowa m'khwawa la pakati, moti munthu amapendeketsa buku kuti aone chilembo choyamba cha mzere. Inu ndi ine sitivutika nazo, chifukwa tikaona theka la liwu timadziwiratu lonse, koma mayi amene akuwerenga phatikizo limodzilimodzi, chilembo chimodzi chikabisika ndiye kuti liwu lonse lamutayika. Buku losoka limagona chagada pa mphasa kapena pa benchi ya mumsika, dzanja lina likutsata mzere, lina likupereka chenje kwa wogula.

Mapepala a A4 omenya sitepulo m'mbali nawo ali ndi mavuto awo. Ndi aakulu kwambiri kuti alowe m'kachikwama, choncho anthu amawapinda kanayi, ndipo mawu a pa mpindo ndi amene amayamba kufufutika. Mawaya a sitepulo amachita dzimbiri ndi chinyezi cha chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, dzimbirilo n'kudya pepala mozungulira, ndipo tsamba lomaliza, lomwe lili ndi mathero a nkhani, ndi limene limayamba kugwa. Kuwonjezera apo amaoneka ngati chidziwitso cha msonkhano, n'chifukwa chake usipa uja unapeza malo.

Mukamufunsenso wosindikiza wanu za pepala, chifukwa ambiri satchula mukapanda kufunsa. Pepala la mtundu wa nyuzipepala limapangidwa ndi mitengo yongopera, osachotsamo utomoni umene umagwirizanitsa mitsitsi ya mtengo, ndipo utomoni umenewu ndi umene umalipangitsa kusanduka lachikasu ndi kufumbutuka likakhalitsa padzuwa. Ndi lopyapyalanso, moti zilembo za kuseri zimaonekera, maso n'kumasokonezeka. Pepala lonyezimira nalonso musalole, chifukwa magetsi akathima munthu n'kuyatsa tochi kapena kandulo, kuwala kumabwerera m'maso ndipo mzere umasowa. Pemphani pepala losanyezimira la magalamu 80, lomwelija la m'maofesi. Pali china chimene anyamata ambiri a masiku ano saphunzitsidwa, chakuti pepala lili ndi mitsitsi yake ngati thabwa. Mitsitsiyo ikayenda motsatana ndi msana wa buku, masamba amatembenuka mofewa, koma ikapingasa, masamba amauma khosi ndipo nthawi ya mvula bukulo limapindika ngati lichero. Mukapeza mpata mukafike ku laibulale ya Society of Malawi pa Mandala House, nyumba ija ya 1882, mukagwire mabuku akale osoka ndi kuona mmene amatsegukira mpaka lero.

Tsono ine ndikanasankha chinthu chachinayi chimene wosindikiza wanu sanatchule. Nkhani 40 zija muzigawe m'timabuku tinayi ta nkhani khumikhumi. Pepala limodzi la A4 mukalipinda pakati limapereka masamba anayi a A5, choncho mapepala asanu ndi atatu amapanga kabuku ka masamba 32. Wosindikiza angosindikiza ndi kudula katoni wa chikuto, kusoka musoke nokha. Mumaboola mabowo atatu pa mpindo, kulowetsa singano pa bowo la pakati, kuzungulira la kumtunda ndi la kumunsi, n'kudzamanga mfundo pakati pomwe munayambira. Amayi amene amasoka zigamba ndi manja angaphunzire zimenezi masana amodzi, ndipo mtengo wake sudzatalikirana kwambiri ndi wa fotokope.

Chisomo wa ku Chichiri

Amayi, ine ndine wophunzira pa yunivesite ya MUBAS, ndipo ndikupempha kuti mundilole ndiyankhule mokomera asungichuma anu, chifukwa mfundo yawo ili ndi mbiri yaitali kumbuyo kwake. Baibulo limene Johannes Gutenberg anasindikiza ku Mainz cha m'ma 1455 linali lalikulu, lolemera ndi lolimba kwambiri, moti ena mwa mabuku amenewo alipo mpaka lero, koma munthu wamba sakanalikwanitsa ndipo sakanatha kuyenda nalo. Chimene chinatulutsa mabuku m'nyumba za anthu olemera ndi kuchepa kwa msinkhu ndi mtengo. Mu 1501 Aldus Manutius wa ku Venice anayamba kusindikiza mabuku ang'onoang'ono onyamulika m'manja, ndipo mu 1935 Allen Lane anayambitsa mabuku a Penguin ku England, a zikuto za pepala, ogulitsidwa mapeni asanu ndi limodzi, mtengo wofanana ndi wa paketi ya ndudu. Mabuku amenewo sanapangidwe kuti akhale zaka 100, koma anafika kwa anthu amene sankalowa m'sitolo ya mabuku. Ngakhale kuno kwathu, ambiri a ife tinayamba kukonda kuwerenga ndi timabuku tothothoka masamba togula kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu ku Limbe ndi mu Victoria Avenue. Choncho ndikuopa kuti tikatsata kulimba kokha, anthu 210 aja adzakhala opanda kanthu, ndipo amenewo ndi anthu enieni amene amayi mukuwadziwa ndi mayina.

Poyamba ndimafuna kunena kuti musasindikize n'komwe, mungotumiza nkhanizo pa WhatsApp, koma nditaganiza za mmene ineyo ndimawerengera ndabweza mawu amenewo. Manotsi athu ambiri amabwera pa foni ali mu PDF ya masamba a A4, ndipo kuti ndiwerenge mzere umodzi ndimakuza, n'kukokera kumanja, n'kubwereranso kumanzere kukafuna chiyambi cha mzere wotsatira, uku mauthenga akulowa pamwamba. Mayeso akayandikira tonse timathamangira kukasindikiza manotsi omwewo, ngakhale amene timanyadira mafoni athu. Anne Mangen wa ku yunivesite ya Stavanger ku Norway, pamodzi ndi anzake, anapatsa anthu 50 nkhani imodzi, theka anawerenga m'buku la pepala, theka lina pa Kindle, kachipangizo kamagetsi kowerengerapo mabuku, ndipo ngakhale onse anaimva nkhaniyo, owerenga pa Kindle anavutika kwambiri pofunsidwa kusanja zochitika motsatana. Ofufuzawo anaganiza kuti manja amathandiza mutu, popeza m'buku la pepala dzanja lamanzere limamva masamba akuchuluka pamene lamanja likumva akuchepa, ndipo munthu amadziwa pomwe ali osayang'ana nambala.

Pamene foni ingathandize ndi pa mawu apakamwa. Amayi mukajambula mawu anu mukuwerenga nkhani iliyonse pang'onopang'ono, wophunzira angamvetsere kunyumba pa foni ya mwana wake uku chala chikuyenda pa kabuku. Ine ndingathandize kujambulako Loweruka lililonse limene mungandiitane. Pa zosankha zanu, njira ya aMbewe ndi imene ikuyankha nkhawa yanga, malinga chiwerengero chisatsike kwambiri.

Bambo Maseko a ku Chilomoni

Mayi mphunzitsi, ine ndakhala mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, ndipo buku limene ndaona anthu osapita patali ndi sukulu akulimbana nalo tsiku ndi tsiku ndi Baibulo, choncho ndiyankha kuchokera pamenepo. Mukawerenga Luka 4, pamene Ambuye analowa m'sunagoge ku Nazarete napatsidwa buku la Yesaya, mudzaona kuti anachita kulifunyulula, ndipo atatha kuwerenga analipinda nalibwezera kwa mnyamata wa m'sunagoge. Ana a Sande sukulu amadabwa kuti buku amalifunyulula bwanji, koma limenelo linali mpukutu. Mpukutu wa Yesaya umene unapezeka mu 1947 m'mapanga a pafupi ndi Nyanja Yakufa ndi wotalika mamita oposa 7. Kuwerenga chinthu chotere kumafuna manja onse awiri, lina kufunyulula, lina kukulunga, ndipo munthu sangalumphe kuchoka kumayambiriro kufika kumapeto m'kamphindi. Akhristu oyambirira anakonda msanga buku la masamba osokedwa mbali imodzi, ndipo ndi buku lotere limene limatilola kuika chala pa Yesaya uku tikutsegula Luka kuti tifananitse. Machaputala amene tikugwiritsa ntchito anakonzedwa ndi Stephen Langton kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo manambala a ndime za Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza Robert Estienne mu 1551. Popanda zimenezi mlaliki sakanatha kunena kuti titsegule Yohane 3 ndime 16 mpingo wonse n'kupeza pamodzi. Komabe ndiyenera kuvomereza kuti manambala omwewo atizoloweza kutola ndime imodzi ngati tikutola nkhuni, osawerenga kalata yonse monga mmene inalembedwera, ndipo ine ndimaona kuti chizolowezi chimenechi chinachokera pa tsamba, osati kwa olemba. Choncho asungichuma anu akamati mawu ndi omwewo akunena zoona, koma kawerengedwe ndiye sikafanana.

Tsopano ndifike pa chimene chikukhudza ophunzira anu. Kuti mabuku 66 akwane m'chikuto chimodzi, Baibulo limasindikizidwa pa pepala lopyapyala ndi m'madanga awiri opapatiza. Danga lopapatiza limagwirizana ndi zinenero za mawu afupiafupi, koma Chichewa chathu chimamanga mwininkhani, nthawi ndi mneni m'liwu limodzi lalitali, monga sindidzakusiyaninso, ndipo liwu lotere likafika kumapeto kwa danga limadulidwa pakati ndi kamzere, chidutswa china n'kupita pansi. Ndamvapo kambirimbiri amayi a mvano akuwerenga bwinobwino, n'kupunthwa pa liwu lodulidwa, n'kubwereza katatu, mpaka kuchita manyazi osafunanso kuwerenga pagulu. M'timabuku tanu musalole madanga awiri, ndipo musalole kuti liwu lidulidwe. Muonetsetsenso kuti kalembedwe ndi kamene mukuphunzitsa pabolodi. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ndipo amene tili ndi zosindikiza zakale timaona cikondi ndi cifukwa, popanda chilembo cha h, zomwe ife tinazolowera koma adzukulu athu zimawaimitsa. Buku Loyera la 1998 linabwera ndi kalembedwe kamene ana amaphunzira kusukulu, ndipo ambiri analiwerenga momasuka pa chifukwa chimenechi.

Mnyamata wathu Chisomo wakamba za manja othandiza mutu, ndipo ine ndinaziona m'nyumba mwanga. Malemu mkazi wanga sankakumbukira manambala, koma Salimo 23 ankalipeza posachedwa, chifukwa ankadziwa kukhuthala kwa masamba ofunika kugwira ndi mbali ya tsamba pomwe linali. Ana atamugulira Baibulo latsopano anathokoza, koma anabwerera ku lakale lija lomangidwa ndi mphira, nati m'latsopanoli akusochera. Tsono mukadzasindikizanso timabuku tanu, nkhani iliyonse idzakhale pa tsamba lomwelo. Musiyenso tsamba loyamba lopanda kanthu, kupatula mzere wolembapo dzina. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche mu Malichi 2023, mlongo wanga wa ku Chilobwe anapulumuka, ndipo pa zinthu zochepa zimene anatola panali buku lake la nyimbo, limene anayanika tsamba ndi tsamba kwa masiku angapo ngakhale tinamuuza kuti timugulira lina. Kutsogolo kwake kunali masiku obadwa a ana ake onse, olembedwa ndi dzanja la malemu mwamuna wake.

Nangozo wa ku Bangwe

Anzanga a Nachisale, ine ndimaphunzitsa ana a vuto la kuona, ndipo ntchitoyi ndinaiphunzirira ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Kwa ana anga funso lanuli silifuna mtsutso, chifukwa zilembo zimene Louis Braille anakonza ku France m'zaka za m'ma 1820 ndi timadontho totukuka, tosapitirira tisanu ndi kamodzi pa chilembo chilichonse, ndipo pepala likakhala lopyapyala kapena mabuku akasanjikizidwa mopanikizana, timadonthoto timaphwa ndipo mawu amatha. Baibulo lonse m'zilembo zimenezi limadzaza mabuku pafupifupi 40, moti wophunzira wanga sanganene kuti wanyamula Baibulo kupita kutchalitchi, amanyamula Marko kapena Masalimo. Ntchito imeneyi inandiphunzitsa kuyang'ana tsamba lililonse ndi kufunsa kuti ndi maso a yani amene lapangidwira.

Mwanena kuti wamng'ono mwa ophunzira anu ali ndi zaka 34 ndipo wamkulu wapitirira 70. Munthu akadutsa zaka 40, diso limayamba kulephera kuona bwino zinthu zapafupi, ndipo zimenezi zimagwera pafupifupi aliyense. Amene anaphunzira ali mwana amazindikira msanga n'kukagula magalasi, koma amene akuphunzira kuwerenga ali wamkulu sadziwa kuti zilembo zimayenera kuoneka bwanji, choncho amaganiza kuti mutu wake ndi wouma pamene vuto ndi maso. Mukaona wophunzira akutalikitsa kope kapena akudandaula mutu pakatha mphindi zochepa, mulimbikitseni kukapimitsa maso. Pa chifukwa chomwechi kabuku ka zilembo zazing'ono kangakhale kotsekeka kwa ambiri a m'kalasi mwanu ngakhale mutawapatsa kwaulere, ndipo chiwerengero cha 200 chija sichingakhale chiwerengero cha owerenga.

Pa kompyuta musankhe zilembo za msinkhu wa 16, musiye mpata wokwanira pakati pa mizere kuti chala chisaphimbe mzere wotsatira, ndipo mizere iyambire pamodzi kumanzere koma kumanja ithere pomwe yathera. Mukalamula kompyuta kuti mizere ifanane mbali zonse ziwiri, imatambasula mipata pakati pa mawu athu ataliatali, tsamba n'kukhala ndi mabowo amene amasocheretsa diso. Musalembe mitu ndi zilembo zazikulu zokhazokha, chifukwa mawu otere amaoneka ofanana ngati njerwa. Chinthu chimene ambiri amaiwala ndi maonekedwe a zilembo za a ndi g. Pabolodi timalemba a wozungulira wokhala ndi kamchira, pamene zilembo zambiri za m'mabuku zili ndi a wa kadenga pamwamba ndi g wa mimba ziwiri, ndipo wophunzira watsopano amaziona ngati zilembo zachilendo zimene simunamuphunzitse. Sankhani mtundu umene ukufanana ndi dzanja lanu, makamaka pa kabuku koyamba. Zithunzi zikhale za anthu akuluakulu, za msika ndi minibasi, kuti bambo asachite manyazi kukatulutsa kabukuko pamaliro kapena pa depoti.

Musanapereke ndalama, sindikizani tsamba limodzi m'misinkhu itatu ya zilembo, mupatse agogo a zaka 70 aja nthawi ya madzulo, m'nyumba momwe amakhala, ndipo muone pomwe ayambire kukwinya nkhope. Asungichuma anu akhalepo pa nthawi imeneyo.

Nachisale wa ku Ndirande

Ndikuthokoza nonse, ndipo ndabwera kudzanena zimene zachitika. Lachiwiri lapitali ndinachita monga anandilangizira a Nangozo, ndipo ndinapita ndi asungichuma athu kunyumba kwa agogo aja dzuwa litapendeka. Tsamba la zilembo zazing'ono analiyang'ana, nalitalikitsa, nalibweza osatchula liwu ndi limodzi lomwe. La msinkhu wa 14 anawerenga mizere itatu n'kuima. La msinkhu wa 16 anawerenga ndime yonse ya nkhani ya mwana wa ku Joni, ndipo atafika pamene mayi akupita kukafunsa kwa woyendetsa basi, anaima natiuza kuti nawonso anachitapo zomwezo. Asungichuma sanayankhule zambiri pobwerera, koma pa msonkhano wa komiti ndi iwo amene anayamba kunena kuti kabuku ka m'thumba kachotsedwe pa mndandanda.

Pa mfundo ya chiwerengero sanasinthe, ndipo ndaona kuti akulondola monga mmene Chisomo ananenera. Tagwirizana kutsata njira ya aMbewe, koma poti zilembo zikuluzikulu zikudya mapepala ambiri, chaka chino tisindikiza timabuku tiwiri toyamba tokha, 150 kalikonse, kuti tigawireko makalasi a kwacha a ku Chilomoni ndi ku Mbayani amene anatipempha kale. Tiwiri totsalato tidikira chopereka cha chaka chamawa. Tsamba loyamba tisiya la dzina monga anenera Bambo Maseko, ndipo ndawerenganso nkhani zonse 20 kuti pasapezeke liwu lodulidwa kumapeto kwa mzere. Wosindikiza wavomera pepala la magalamu 80, ngakhale anadabwa nditamufunsa za mitsitsi ya pepala, ndipo walonjeza kuti ayang'ana asanadule katoni wa zikuto.

Chisomo, ubwere Loweruka la mawa lino m'ma 9 koloko, chifukwa nthawi imeneyo kwaya imakhala isanayambe kuyeserera ndipo m'chipinda mumakhala bata. ABambo Mbewe, amayi 11 alembetsa kale kuti aphunzire kusoka, ndipo ena akufunsa ngati ulusi wosokera nsapato ungagwire ntchito kapena ngati tigule wina, komanso ngati chisongole cha njinga chonoledwa chingakwanire kuboolera. Ngati thanzi likulolani, tikupemphani mudzatiphunzitse Lachinayi la mlungu wamawa nthawi ya 2 koloko masana, ndipo ndalama ya minibasi yochokera ku Limbe komiti yaika kale padera.